Chambo cha pa Eid chimene wa shuga angadye nafe mbale imodzi

Eid ikayandikira, ambiri a ife kuno kunyanja timakweza chambo pa minibasi kutumizira abale a ku Ndirande. Koma chikafika kumeneko chimagwera m'chiwaya chodzadza mafuta, pambali pake mpunga wonona ndi zakumwa zotsekemera. Ndiye agogo odwala shuga kapena BP amapatsidwa kambale kawokawo ka masamba, anzawo akunyambita zala. Pa tsiku la chisangalalo, zimenezi zimawawa.

Odwala otere si ochepa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi, m'modzi ali ndi BP yokwera, ndipo oposa asanu mwa 100 alionse ali ndi shuga.

Nsombayo ilibe mlandu, mafuta ake ndi abwino ku mtima. Nkhani yagona pa kaphikidwe ndi zimene timaika m'mimba mwake. Ena amadzazamo mpunga woyera kapena buledi, zomwe zimakweza shuga msanga. Ife tikuti ikanimo khobwe kapena nandolo, poti zimagayika pang'onopang'ono ndipo munthu amakhuta nthawi yaitali.

Phikani kaye khobweyo mpaka afewe, chifukwa m'mimba mwa nsomba sangapse. Pa supuni imodzi yokha ya mafuta kazingani anyezi, adyo, jinja ndi tomato, kenako thirani bonongwe woduladula ndi khobwe uja. Nsinjiro pang'ono zimagwirizanitsa zonse, komanso fungo lake, eee, mpaka aneba amasuzumira. Finyiranimo ndimu. Dzazani m'chambo, kulungani m'tsamba la nthochi lowamba, n'kuotcha pa mbaula ya makala ofatsa, mukutembenuza mpaka mnofu uzichoka wokha pa minga. Chambo chikadula, kampango kapena mlamba amachitanso bwino.

Pa mchere m'pamene timalimbana. Bungwe la WHO limati munthu asapyole magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Timibulu ta supu ta m'mapaketi tadzadza mchere kale, choncho tisiyeni. Ndimu ndi tsabola wa kambuzi zimatseka mpatawo.

Nsima ikhale ya mgaiwa, mtanda umodzi, ndipo mankhwala a kuchipatala amwedwe monga mwa masiku onse. Potumiza nsomba chaka chino, ikanimonso kathumba ka khobwe wa kumunda kwanu.