Anthu a nsambo zinayi: oimba besi mu Lusaka

Gulu loimba mu Lusaka likhoza kukwera pa nsanja popanda malipenga, ndipo phwando liyenda. Likhoza kusowa gitala yachiwiri, anthu osazindikira n'komwe. Koma likasowa woimba besi, mtsogoleri wa gulu amayamba kuimba mafoni uku ndi uku, chifukwa amadziwa kuti kalindula, rumba kapena nyimbo zotamanda za m'tchalitchi sizivinika popanda mawu a pansi aja. Chodabwitsa n'chakuti ana ambiri amene amalota zodzakhala oimba salota besi. Amalota maikolofoni, ng'oma, kiyibodi, kapena lidi gitala imene imalira pamwamba pa zida zonse. Nanga anthu amene amadya za besi mumzindawu anaipeza bwanji, ndipo chimawasunga pa chida chimenechi n'chiyani?

Chidacho

Besi yamagetsi inafala kuchokera ku America, kumene Leo Fender anayamba kugulitsa Precision Bass mu 1951. Ili ndi khosi lalitali kuposa gitala wamba, ndipo nsambo zake zinayi, E, A, D ndi G, n'zonenepa. Nsambo yotsikitsitsa imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi, mawu amene munthu amawamva m'chifuwa kuposa m'khutu. Sipika ya foni siwatulutsa bwino mawu oterewa. N'chifukwa chake mwana akhoza kumvera nyimbo pa foni chaka chonse osadziwa kuti muli besi, mpaka tsiku limene adzaime pafupi ndi sipika yaikulu m'tchalitchi kapena ku Showgrounds, malaya ake n'kuyamba kugwedezeka. Masiku ano oimba ambiri, makamaka a nyimbo zauzimu, amakonda besi ya nsambo zisanu, imene ili ndi nsambo ya B yotsika kuposa E.

Ntchito ya besi ndi kulumikiza zinthu ziwiri: kugunda kwa ng'oma ndi kayendedwe ka makodi. Woimba besi amamvetsera phazi la mnzake wa ng'oma ndi khutu limodzi, khutu linalo lili pa kiyibodi. Akachedwa pang'ono, nyimbo imalemera. Akafulumira, ovina amasokonezeka miyendo.

Njira zolowera

Njira yoyamba, imenenso ndi yotakata kwambiri, ndi mpata chabe. M'gulu la achinyamata a tchalitchi ku Kabwata kapena ku Chelstone, kiyibodi imakhala ndi mwini wake, ng'oma anyamata amachita kulimbirana, koma besi imangokhala yotsamira khoma. Tsiku lina mtsogoleri wa kwaya amaloza mnyamata amene amadziwako makodi atatu pa gitala n'kunena kuti, "Iwe, tagwirako iyi Lamulungu likubwerali." Wogwirizira wa sabata imodzi uja amapezeka kuti watha zaka ali pomwepo. Izi si za ku Lusaka kokha. Paul McCartney wa gulu la Beatles anali woimba gitala, ndipo anatenga besi mu 1961 chifukwa Stuart Sutcliffe anachoka m'gululo.

Tchalitchi ndiyo sukulu yaikulu ya ntchitoyi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene mipingo ya chipentekoste inachuluka mumzindawu, pafupifupi mpingo uliwonse wotere unafuna gulu lake la zida. Zidazo ndi za mpingo, motero mnyamata amene makolo ake sangakwanitse kumugulira gitala ndi ampu amapeza pophunzirira mwaulere. Maphunziro ake ndi okhwima. Wotsogolera nyimbo akhoza kuyamba kolasi pa kiyi iliyonse imene yamufikira pakhosi, ndipo wa besi ayenera kuipeza mzere woyamba usanathe. Amene anakulira m'makwaya a mipingo ya RCZ, UCZ, Katolika kapena Adventist, kumene anyamata amaimba mawu a besi ndi pakamwa, amafika pa chidachi khutu litapsa kale. Ena ochepa amapitiriza ku Evelyn Hone College pa Church Road, kumene amaphunzira kuwerenga manotsi, koma ambiri amaphunzira poonera zala za wamkulu wawo ndi mavidiyo a pa YouTube.

Njira ina ndi ya kumudzi. Besi si mlendo mu Zambia. Kalindula, nyimbo imene inachokera ku Luapula ndi madera oyandikana nawo, inakula pa besi yopanga ndi manja: bokosi lalikulu lokutidwa ndi chikopa, mtengo wautali, ndi nsambo yokhuthala, woimba atakhala pamwamba pa bokosilo. Mbale wake ku Malawi ndi babatoni, amene Gasper Nali ndi a Madalitso Band afika naye mpaka ku Ulaya. Pamene magulu monga Amayenge, Serenje Kalindula Band, Shalawambe ndi Masasu anaika kalindula pa zida zamagetsi m'zaka za m'ma 1980, ndi pamene P.K. Chishala anatchuka, besi siinakhale kumbuyo ngati m'nyimbo zambiri za Azungu. Inkathamanga, kudumpha, kuyankhana ndi woimba, n'kukhala ngati ndiyo ikutsogolera. Mwana amene anakula akumva zimenezi pa wayilesi ya ZNBC amadziwa kuti chiuno chimamvera besi.

Palinso amene anakopeka ndi munthu mmodzi. Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene bambo ake anachokera ku Malawi ndipo amaimbako m'Chichewa, anaonetsa dera lonse lino kuti woimba besi akhoza kukhala mwini gulu, kuima kutsogolo, kuimba ndi pakamwa ndi kuvina nthawi imodzi. Ena amatchula Bakithi Kumalo wa ku South Africa, amene besi yake imamveka m'chimbale cha Paul Simon cha Graceland cha 1986, kapena Richard Bona wa ku Cameroon. Ndipo oimba besi ambiri a mu Lusaka anakhalapo pansi kuphunzira kaimbidwe ka sebene ka ku Congo, popeza pa ukwati ndi m'mabala anthu adzakapempha ndithu.

Amene anatsogola

Ntchitoyi inali ndi nyengo yake yokoma. M'zaka za m'ma 1970, boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wayilesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo magulu a nyimbo za rock za ku Zambia, zotchedwa Zamrock, anachuluka. Gulu lililonse linali ndi munthu wake wa besi. WITCH ya ku Kitwe inali ndi Gedeon Mulenga, Amanaz inali ndi Jerry Mausala, ndipo Musi-O-Tunya, imene Rikki Ililonga anali mmodzi mwa oiyambitsa, inali ndi Derek Mbao. Mu Lusaka, Ngozi Family ya Paul Ngozi inkaimba ndi anthu ochepa kwambiri, gitala, besi ndi ng'oma za Chrissy Zebby Tembo, ndipo m'gulu lotere wa besi alibe pobisala: gitala ikapita kukalira payokha, iye ndi amene amatsala atanyamula nyimbo. Tommy Mwale ndiye anagwira ntchito imeneyi m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977.

Nyengoyo siinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zogulira zida kunja zinasowa, malamulo oletsa kuyenda usiku pa nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia anapha zoimbaimba za usiku, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Pamene WITCH inadzukanso zaka zaposachedwapa, motsogozedwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda ndi Patrick Mwondela, besi anaigwira ndi Jacco Gardner wa ku Netherlands. Izi zikusonyeza kutalika kumene nyimbo za Zambia zafika, komanso kukula kwa dzenje limene imfa zija zinasiya.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera vuto la mtundu wina. Nyimbo zatsopano za achinyamata, zimene kampani ya Mondo Music inathandiza kufalitsa, zinkapangidwa kwambiri pa kompyuta ndi kiyibodi. Wopanga nyimbo mmodzi m'kachipinda ankatha kuika ng'oma ndi besi ndi zala zake, osalipira wina aliyense. Mpaka lero nyimbo zambiri zimene zimamveka m'maminibasi zilibe dzanja la woimba besi.

Sabata ya woimba besi

Ngakhale zili choncho, ntchito ilipo, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija chimene chinalowetsa wa besi m'ntchitoyi: oimba besi odalirika ndi ochepa. Woimba wotchuka amene anajambula nyimbo zake pa kompyuta akaitanidwa ku phwando lalikulu, kumene okonza akufuna gulu la zida, amayamba kusaka anthu. Motero wa besi mmodzi amatha kutumikira magulu angapo.

Sabata yake imayenda ndi mapu a mzinda. Pakati pa sabata amakonzekera ndi anzake, mwina m'galaja ya munthu ku Woodlands kapena m'holo ya tchalitchi. Lachisanu madzulo amapezeka m'hotela ya m'tauni kapena m'malo odyera a ku Kabulonga, kumene ayenera kuimba motsitsa kuti odya azimvana, nyimbo za jazi, zachikondi zakale ndi za Zambia zosakaniza. Loweruka ndi la maukwati ndi maphwando a makampani, ndipo usiku mwina ku bala kumene rumba ndi kalindula zimafika mpaka mbandakucha. Lamulungu m'mawa ali pa guwa, maso ali psuu, kuimba nyimbo zotamanda. Mipingo ina imamupatsa kangachepe, ina imati ndi utumiki. Nthawi zina pamapezeka zoimbaimba ku Alliance Française pa msewu wa Alick Nkhata kapena ku Lusaka Playhouse, kumene anthu amabwera kudzamvetsera osati kudzavina kokha. Amene ali ndi malipiro a pamwezi ndi ochepa: a m'magulu oimba a asilikali ndi apolisi, ndi aphunzitsi a nyimbo m'masukulu. Otsalawo amadalira foni kulira, ndipo ambiri ali ndi ntchito ina ya masana.

Ndalama zikabwera zimagawidwa mosafanana. Mwini dzina amatenga gawo lalikulu, oimba zida n'kugawana zotsala, kawirikawiri popanda pepala lililonse losainirana. Pa kangachepeko wa besi achotsepo za ulendo. Gitala yokha ikhoza kukwera minibasi ya ku Chelstone itaimikidwa pakati pa miyendo, kondakitala akudandaula, koma ampu ya besi ndi yolemera, ndipo pobwerera usiku pamafunika takisi. Nsambo za besi zimadula kwambiri kuposa za gitala wamba ndipo zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo umakwera. Oimba ena amaziwiritsa m'madzi kuti litsiro ndi thukuta zichoke, mawu abwerereko kwa kanthawi. Kuzimazima kwa magetsi, kumene kunafika poipa mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, kumamupweteka wa besi kuposa anzake. Wa ng'oma amaimba popanda magetsi, wa gitala amatenga ya bokosi, koma besi yamagetsi yopanda ampu imangonong'ona.

Thupi nalo limalipira. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zimatuluka matuza mpaka khungu litalimba, phewa limawawa ndi lamba, ndipo makutu amavutika chifukwa malo a wa besi ali pafupi ndi zitsulo za ng'oma. Akazi pa chidachi akadali ochepa, ngakhale kuti m'matchalitchi ndi m'masukulu atsikana ayamba kuchigwira. Chimene chimawabweza si kulemera kwa gitala ayi, koma maola a usiku ndi zonena za anthu pa mkazi wopezeka m'malo a mowa.

Chimene chimawasunga

Wolowa mwangozi akanatha kuchoka mpata wa lidi gitala utapezeka, ndipo ena amachokadi. Otsala amatsala chifukwa apeza mphamvu imene omvera saiona. Wa besi akasintha noti imodzi pansi, kodi yonse imamveka mwina, ngakhale wa kiyibodi sanasunthe chala. Akasiya kuimba kwa kamphindi n'kubwereranso, bwalo lonse limakuwa, anthu n'kumayamika woimba wa kutsogolo. Ntchitoyi imafuna munthu amene zimenezi sizimuwawa, wodziwa kubwereza mzere umodzi kwa mphindi khumi osatopa nawo, wodziwanso kuti malo amene wasiya osaimba ndi ofunika mofanana ndi amene waimba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chake atsogoleri a magulu saitana amene ali ndi zala zothamanga kwambiri, koma amene amafika pa nthawi yake, ataphunzira nyimbo kunyumba, ndipo sapikisana ndi woimba. Popeza amamva ng'oma ndi makodi nthawi imodzi, oimba besi ambiri amadzakhala okonza nyimbo za gulu lonse, kapena ojambula nyimbo m'masitudiyo.

Kudzichepetsa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Bungwe la ZAMCOPS limatolera ndalama za olemba ndi opeka nyimbo, koma amene anapeka mzere wa besi umene wachititsa kuti nyimbo ivinike nthawi zambiri amalipidwa kamodzi pa tsiku lojambula, nkhani n'kuthera pomwepo. Mayina a Mulenga, Mausala, Mbao ndi Mwale tikuwadziwa lero chifukwa analembedwa pa zikuto za zimbale, ndipo pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbo za Zamrock, ofufuza anali ndi poyambira. Nyimbo ya lero imayenda pa WhatsApp ndi pa YouTube ili ndi dzina la woimba ndi la wojambula basi. Oimba a mu Lusaka, masitudiyo, mipingo imene imajambula nyimbo zake, ndi Zambia Association of Musicians akhoza kukonza zimenezi popanda kuwononga ngwee: kulemba amene waimba chida chilichonse pa nyimbo iliyonse imene yatuluka, ndi kugwirizana za malipiro papepala gitala isanatuluke m'chikwama.