Mzinda wa Luchenza ukadali papepala, koma minda ya pa Thuchila ikupita

Aliyense woyenda pamsewu wa Midima kuchokera ku Limbe kupita ku Mulanje amaona yekha mmene malo akusinthira akadutsa pa Nkando ndi pa Thuchila. Pomwe panali mizere ya chimanga ndi nandolo pali mauvuni a njerwa, maziko a masitolo ndi nyumba za lendi zoyang'ana kumsewu. Munda ukakhala pafupi ndi phula sutchedwanso munda. Ndi puloti, ndipo madobadoba amadziwa kale mwini wake ndi mtengo womwe angagonjere.

Ogula ndi osiyanasiyana. Ena ndi aphunzitsi ndi ogwira ntchito zachipatala ofuna pokakhala akapuma pantchito, ena ndi anyamata obwera ndi ndalama za ku Joni, enanso ndi anthu a mu Blantyre amene aona kuti malo mumzindawo sakugwirika. Onsewa akuwerengera chinthu chimodzi: kuti derali likula. Sakulakwitsa. Pansi pa masomphenya a Malawi 2063, bungwe la National Planning Commission linasankha malo asanu ndi atatu oti adzakhale mizinda yothandizana ndi Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Pamndandandawo pali Karonga, Nkhata Bay, Salima ndi Chipoka, Kasungu, Liwonde, Mangochi ndi Monkey Bay, Bangula, komanso Luchenza, tawuni yomwe ili kumunsi kwa mtsinje wa Thuchila, m'malire a Thyolo ndi Mulanje.

Kuti timvetse chifukwa chomwe Luchenza analowera pamndandandawo, tiyenera kubwerera ku njanji, pakuti tawuniyi inabadwa ndi sitima. Kampani ya Shire Highlands Railway itayamba kuyala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inadzera ku Chiromo, n'kukwera motsata chigwa cha Ruo ndi Thuchila mpaka inafika ku Blantyre mu 1908. Tiyi anali atayamba kale kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo eni maesiteti ankafuna siteshoni yapafupi yokwezerapo katundu wawo. Siteshoniyo inali Luchenza. Mlatho wa Dona Ana pamtsinje wa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, katundu wokwezedwa pa Luchenza ankatha kukafika kudoko la Beira osatsitsidwa panjira. Nyumba zosungiramo katundu zinamangidwa, amwenye anatsegula masitolo, anthu anabwera kudzafuna ntchito, ambiri mwa iwo Alhomwe amene makolo awo anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique.

Kugwa kwa tawuniyi kunabwera pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'madera akumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, ndipo mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa mu 1986. Mu 1997 madzi anakokolola njanji pa Chiromo, sitima n'kuyamba kuthera pa Makhanga. Kampani ya Central East African Railways, yomwe ambiri amangoitcha CEAR, itatenga ntchito yoyendetsa sitima mu 1999, maso a ochita malonda anali kale pa njira ya ku Nacala, yodzera ku Nkaya ndi Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970. Sitima ya anthu inapitirizabe kuyenda pakati pa Limbe ndi Makhanga, ikuima pa Luchenza, Khonjeni, Sandama ndi Thekerani, itanyamula nthochi, chinangwa, nkhuku ndi eni ake, mpaka madzi osefukira a mu Januwale 2015 anaononga njanjiyo.

Amene anakwerapo sitimayo amakumbukira kuti inali yochedwa, koma inali ya munthu wosauka. Mayi wokhala ndi matumba angapo a nandolo ankafika nawo ku Limbe osasiya phindu lake lonse m'manja mwa kondakitala. Lero thumba lililonse lochoka pa Thuchila limayenda pa njinga ya kabaza, pa minibasi kapena pa lole, ndipo mafuta akakwera mtengo kapena akasowa, amene amalira ndi mlimi, chifukwa venda amangotsitsa mtengo wogulira pasikelo. Komatu nandolo wa m'chigwa chino ulendo wake ndi wautali: wambiri amakathera ku India, kudzera m'madoko a ku Mozambique. Katundu wolemera, woyenda mtunda wautali, wosafuna changu, ndiye amene njanji inapangidwira.

Ntchito yokonza ilipo, ndipo si bwino kuikana. CEAR inayamba kukonza chigawo cha pakati pa Limbe ndi Sandama. Kumunsi, boma linapatsa kampani ya China Railway 20 Bureau Group ntchito yomanganso njanji ya makilomita 72 kuchokera ku Marka kukafika ku Bangula, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka patapita zaka zoposa 40. Koma pakati pa Bangula ndi Makhanga pakadali mpata waukulu, pomwe Shire ndi Ruo amakumana n'kusefukira. Malinga ngati mpata umenewo sunalumikizidwe, Luchenza akhalabe siteshoni ya njanji yopanda kopita, ndipo fakitale yaikulu singakopeke kudzamanga pamenepo.

Apa ndi pamene nkhani ya mapuloti imandidetsa nkhawa. Njanji ikuchedwa, ndondomeko ya mzinda ikuchedwa, koma kugulitsa malo sikudikira aliyense. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo gawo lalikulu la bomalo ndi phiri ndi maesiteti a tiyi. Otsala onse athithikana pa malo ochepa, moti mabanja ambiri amalima kandime komwe chimanga chake sichifika mwezi wa Disembala. Kuno ndi kwa chikamwini: munda umadutsira kwa amayi, ndipo ndi wa mbumba yonse. Atsibweni akaugulitsa chifukwa pagwa matenda kapena mwana wathamangitsidwa kusukulu kaamba ka fizi, ndalamazo zimatha nyengo imodzi isanadutse, pomwe ana aakazi amene akanadzalima pamenepo atsala manja lende. Ambiri a iwo sakhalapo n'komwe pamene pepala likusainidwa pamaso pa anyakwawa.

Wogula nayenso sali pabwino monga amaganizira. Kapepala kolembedwa pamanja, kokhala ndi chidindo cha amfumu, kamagwira ntchito mpaka tsiku lomwe m'bale wina wabwera kuchokera kutali n'kunena kuti sanafunsidwe. Milandu ya malo yotere yadzadza m'mabwalo a mafumu ndi m'makhothi. Lamulo la Customary Land Act la mu 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, limapereka mwayi woti banja lilembetse malo ake ndi kulandira chikalata, kudzera m'makomiti a zamalo a m'midzi momwe amayi ayenera kukhalamo. Lamulolo ndi labwino kwa anthu ngati a pa Thuchila, koma lamulo lomwe munthu sanalimve silimuteteza. Khonsolo ya Mulanje ndi unduna wa zamalo akanayamba kulembetsa malo m'madera a m'mbali mwa msewu ngati ano, komwe madobadoba akuzungulira kwambiri, osati kudikira mpaka minda itatha.

Ndiye palinso mtsinje. Thuchila amachokera m'phiri la Mulanje, ndipo mvula ikagwa kwa masiku angapo kumtundako, madzi ake amatsika ndi mphamvu, atanyamula miyala, mchenga ndi mitengo. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anagwetsa nyumba, milatho ndi misewu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu, ndipo mabanja ambiri sanawaonenso abale awo. Ngakhale zili choncho, puloti ya kudambo ndi yomwe imatsika mtengo, ndiye ndi yomwe wosauka amagula. Njerwa zomangira zikuumbidwa m'mphepete mwa mitsinje, zikuotchedwa ndi mitengo yomwe ikanagwira nthaka, ndipo mchenga ukukumbidwa m'mitsinje momwemo. Lamulo la Physical Planning Act la mu 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya kamangidwe, osati mizinda yokha. Choncho khonsolo ili ndi mphamvu yonena kuti apa pasamangidwe, apa padutsa msewu, apa pakhale msika, sukulu kapena ngalande. Zimenezi n'zotchipa kuchita pamene malo akadali minda. Ku Ndirande ndi ku Bangwe anthu anayamba kumanga misewu isanalembedwe, ndipo lero ngakhale ambulansi imalephera kulowa m'makwalala ena.

Thuchila sali pa njanji penipeni, ndipo mwina sadzakhala ndi siteshoni yakeyake. Gawo lake pa mzinda wa Luchenza ndi la mlimi: pano pali ofesi ya zaulimi ndi malo ophunzitsirapo alimi omwe akhalapo kwa zaka zambiri, ndipo m'midzi yozungulira ndi momwe mumachokera nandolo, chinangwa ndi mbatata. Chofunika ndi misewu ya m'midzi yodutsika nyengo ya dzinja, yolumikiza misika ya kuno ndi siteshoni ya Luchenza, komanso malo osungira mbewu oyendetsedwa ndi makopaletivu, kuti alimi azigulitsa pamodzi m'malo mogonjera sikelo ya venda mmodzimmodzi. Phiri la Mulanje litalowa pamndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, alendo odutsa pa Midima akuyembekezeka kuchuluka, ndipo mitengo ya malo a m'mbali mwa msewu ikwera nawo. Makomiti a chitukuko a m'madera, ma VDC ndi ma ADC, ali ndi ufulu wofunsa khonsolo kuti mapu a mzinda watsopanowo akufika pati, ndi midzi iti yomwe ilowemo, ndipo amene malo awo adzatengedwe adzalipidwa motani.