Dzina la chiponde chanu ndi la yani?

Mayi wina wa ku Area 25 anafika ku ofesi kwanga atanyamula mabotolo awiri a chiponde m'jumbo. Mpando ndinawapatsa koma sanakhale. Anaimika mabotolowo patebulo nati, "Aloya, tandiuzani, langa ndi liti pamenepa?" Onse awiri anali ndi chivundikiro chofiira, pepala lachikasu, chithunzi cha mtondo ndi munsi, ndipo mayina ake ankangosiyana chilembo chimodzi. Ndinaloza lakumanzere. Mayiwo anapukusa mutu, nakhala pansi.

Kwa zaka 6 akhala akulawirira ku Mgona kukapikula mtedza, kuusankha, kuukazinga, kuugayitsa, kenako kuyenda ndi mabotolo m'magolosale a ku Nsungwi. Tsopano makasitomala ayamba kuwaimbira foni kuti chiponde chasintha, chikumveka ufa. Chomwe akudandaula nacho si chawo, ndi cha munthu wina amene waona kuti dzinali likuyenda malonda.

Anapisa m'chikwama natulutsa pepala lokutidwa bwino ndi pulasitiki. "Dzinali ndinalembetsa kuboma, satifiketi yake nayi. Komanso mwana wanga akuti ndikadandaule ku COSOMA."

M'mawu ochepawa muli chisokonezo chimene ndimakumana nacho pafupifupi sabata iliyonse pa ntchito yanga yoona za umwini wa luso ndi zizindikiro za malonda. Anthu amaphatikiza zinthu zosiyana, ndipo amadzazindikira zinthu zitavuta kale.

Satifiketi imene mayiwa ananyamula ndi yolembetsera bizinesi. Imauza boma kuti pali bizinesi yakuti ndipo mwini wake ndi uje. Ndi yofunika, imathandiza kutsegula akaunti kubanki ndi kulembetsa za msonkho. Koma payokha sikupatsani mphamvu yoletsa munthu wina kumata dzina lofanana ndi lanu pa botolo lake. Mphamvu imeneyo imabwera mukalembetsa dzinalo kapena chizindikirocho ngati trademark. Zonse ziwiri zimachitikira ku ofesi imodzi ya boma, n'chifukwa chake ambiri amayesa ndi chinthu chimodzi, koma ndi makaundula awiri osiyana, mafomu osiyana, ndalama zolipira zosiyana. COSOMA nayo ili ndi ntchito yake. Imaona za copyright: nyimbo, mabuku, ndakatulo, zithunzi, mafilimu, masewero. Dzina la chiponde si nkhani ya kumeneko.

Kusiyana kwakukulu ndi uku. Copyright simuchita kupempha. Tsiku limene mwalemba ndakatulo m'kope, kapena mwajambula nyimbo yanu ngakhale pafoni, umwini wabadwa pomwepo, bola ntchitoyo ikhale yochokera m'mutu mwanu. Umu ndi mmene lamulo la Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, limayendera. Pomwe trademark muyenera kuitsatira nokha, kuilembetsa, kuilipirira. Lamulo lake ndi Trademarks Act la 2018, lomwe linachotsa lachitsamunda la 1957. Mukalembetsa, chitetezo chimakhala cha zaka 10, ndipo zikatha mutha kuwonjezera zina 10, mpaka kalekale, malinga ngati mukulipira ndi kugwiritsa ntchito dzinalo. Lamulo latsopanoli linatsegulanso khomo kwa amene sagulitsa katundu koma ntchito. Mwini saluni ku Kawale, makanika wa pa Biwi Triangle, mayi wophikira maukwati ku Chinsapo, onsewa tsopano atha kulembetsa dzina la ntchito yawo.

Ndinawafunsa mayi aja kumene anatenga dzina la chiponde chawo. Anati ndi dzina la agogo awo aakazi, amene anawaphunzitsa kusinja. Apa ndiye mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ambiri amagwa pa dzina penipenipo. Munthu akatcha malonda ake "Chiponde Chokoma" kapena "Sopo Woyeretsa", ofesi ikhoza kukana kulembetsa, ndipo ikakana ndimaona kuti yachita bwino. Mawu amenewo ndi a tonse. Aliyense wopanga chiponde ali ndi ufulu wonena kuti chake n'chokoma. Dzina lolimba ndi limene silifotokoza katunduyo koma limaloza mwini wake. Taganizirani za Nali kapena Sobo. Palibe mwa mayinawa limene limatanthauza tsabola kapena chakumwa, koma mukangomva mumadziwa chimene akunena.

Chinanso, trademark silembetsedwa pa chilichonse cha padziko. Katundu ndi ntchito zinagawidwa m'magulu 45, ndipo mumasankha gulu limene malonda anu ali. Chiponde chili m'gulu 29, sopo 3, zovala 25, malo odyera 43, saluni ndi zometa 44. Ndiye ngati mawa mayiwa atayamba kusoka madiresi pa dzina lomwelo, afunika kulembetsanso m'gulu la zovala. Musanapereke fomu pemphani kuti afufuze kaye m'kaundula ngati wina sanatenge kale dzinalo kapena lofanana nalo. Akaliunika n'kuona kuti lili bwino, amalilengeza kuti amene ali ndi chidandaulo atsutse, ndipo ngati palibe, satifiketi imatuluka. Zimatenga miyezi, si za tsiku limodzi ayi. Kachilembo ka R kozunguliridwa kaja kamaikidwa pokhapokha satifiketi itatuluka. Kukaika musanalembetse n'kunamiza anthu, ndipo n'kulakwira lamulo.

Kodi amene sanalembetse alibiretu pogwira? Alipo, koma ndi povuta. Makhoti athu amalandira mlandu wa munthu amene akugulitsa katundu wake pomuonetsa ngati ndi wa mnzake. Koma wodandaula ayenera kusonyeza kuti dzina lake ndi lodziwika, kuti ogula akusokonezekadi, ndiponso kuti iye akuluza. Zimenezi zimafuna mboni, nthawi ndi ndalama zimene wogulitsa chiponde alibe. Mwayi wa mayiwa unali woti sataya mapepala. Anali ndi malisiti akale a kosindikizira, kabuku ka ngongole za magolosale, ndi zithunzi za mabotolo zimene ankatumiza pa WhatsApp zokhala ndi masiku ake. Umboni umenewu ndi umene tinatsamira polemba kalata yochenjeza mnzawoyo, uku tikuyamba zolembetsa.

Chimene chinandipweteka mtima chinatulukira pambuyo. Chithunzi cha mtondo ndi munsi chija anawajambulira mnyamata wina wa pamalo osindikizira mapepala, anamulipira, nkhani n'kuthera pomwepo. Atabwera kasitomala wina wofuna lebulo ya chiponde, mnyamatayo anangotsegula fayilo yomweyo pakompyuta, kusintha chilembo chimodzi, n'kusindikiza. Titamufunsa anayankha mosaona vuto, "Chithunzicho ndinajambula ndine." Apa ndi pamene copyright ndi trademark zimakumana pa botolo limodzi. Chithunzi ndi luso, chili ndi copyright, ndipo funso loti mwini wake ndani pakati pa wojambula ndi wolipira limasanduka mkangano ngati panalibe cholembedwa. Mizere itatu papepala ikanatseka zonse: kuti uje wajambula chizindikirochi, walandira ndalama zakuti, ndipo umwini wonse waupereka kwa mayi uje. Onse awiri kusaina, tsiku kulemba.

Pepala lomweli ndi limene limasowa m'masitudiyo a m'makwalala athu. Mnyamata wa ku Kawale anandipeza nkhope ili gwa. Anajambula nyimbo m'situdiyo ya m'chipinda chogona ku Area 23, makoma atakhomedwa mathireyi a mazira. Analipira ya tsikulo, nyimbo inatuluka, inayamba kumveka m'maminibasi ndi m'mabala. Itangotchuka, wojambula uja anati biti ndi yake. Mnzake amene anaimba kolasi anati popanda mawu ake nyimboyo si kanthu. "Bwana, nyimbo ndi yanga, ndinalipira," anatero mnyamatayo. Ndinamuuza kuti nyimbo imene timaimva ngati chinthu chimodzi ili ndi eni angapo pamaso pa lamulo. Pali wolemba mawu, pali wopeka maimbidwe ndi zing'wenyeng'wenye, pali oimba, ndiye pali mwini wa chojambulidwacho. Nthawi zina onsewa ndi munthu mmodzi, koma kawirikawiri sizikhala choncho. Kulipira situdiyo n'kulipira nthawi ndi zipangizo, pokhapokha mutagwirizana zina. Titafufuza tinapezanso kuti biti ija wojambulayo anaitenga pa YouTube, pomwe mwini wake analemba kuti ndi yaulere kwa amene sakupanga nayo ndalama. Anyamata atatu ankalimbirana nyumba yomangidwa pa puloti ya munthu wachinayi amene sanamuonepo.

Langizo langa kwa oimba ndi lomwe lija. Tsiku lojambula, ndalama zisanaoneke, pamene mukadali kuseka ndi kugawana chipisi, ng'ambani pepala m'kope. Lembani dzina la nyimbo, amene wachita chakuti, ndi gawo la aliyense pa 100. Anthu amaona ngati kutero n'kusakhulupirirana. Ine ndaona maubwenzi ambiri atatha chifukwa chosowa pepalalo, ndipo sindinaonepo umodzi utatha chifukwa cholilemba.

Nanga ngati umwini umabadwa wokha, kupita ku COSOMA n'kwa chiyani? Bungweli linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno. Ntchito yake yaikulu ndi kutolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito luso la ena, monga nyumba zoulutsa mawu, makanema, mahotela ndi mabala, n'kuzigawa kwa eni luso. Palinso ndalama imene imadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu, monga mafoni ndi mafulashi, zikamalowa m'dziko. Ngati simunalowe umembala ndi kulembetsa ntchito zanu, ndalamazo sizidziwa njira ya kwanu. Kulembetsako kumakhalanso umboni wa tsiku limene munaonetsa ntchitoyo kuti ndi yanu. Tonse tinaona mmene "Linny Hoo" ya agogo Giddes Chalamanda inafalikira pa TikTok m'mayiko amene iwo sanapondeko, ali ndi zaka zoposa 90. Kutchuka kumayenda kokha, koma ndalama imatsata dzina lolembedwa m'kaundula.

Umwiniwu suthanso pa tsiku la maliro. Umakhala moyo wonse wa mwini luso, kuwonjezapo zaka 50 atamwalira. Evison Matafale anatisiya mu 2001, ndiye nyimbo zimene anapeka zili ndi eni mpaka 2051. Za Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, zifika 2074. Nyimbo ndi chuma chamasiye ngati nyumba kapena munda, ndipo woimba kapena wolemba akamalemba wilo asaiwale kutchula amene adzazilandire.

Tsopano nditembenukire kwa inu amene mumagwiritsa ntchito za ena, poti nanunso ndinu anthu anga. Achimwene obena nyimbo pamsika wa Chinsapo, eni mabala ndi malo oonetsera mafilimu, ma DJ a pa zinkhoswe, malonda anu akuyenda chifukwa cha thukuta la munthu wina, ndipo lamulo limafuna kuti mukhale ndi chiphaso cha COSOMA. Kugula nyimbo kumakupatsani ufulu womvera kwanu, osati wokopera anthu ena kapena wokokera makasitomala. Kulemba pa Facebook kuti "nyimboyi si yanga" sikusanduka chilolezo, n'kungovomera kuti mwatenga chamwini. Chithunzi chimene mwapeza pa Google chili ndi amene anachijambula. Kumasulira filimu m'Chichewa, ngakhale mutakometsa bwanji, kumafuna chilolezo cha mwini filimu. Kudinda chizindikiro cha Nike, kapena cha Bullets ndi Silver Strikers, pa malaya ogulitsa n'kudyera dzina la eni. Makwaya nawonso amandiuza kuti nyimbo ya Mulungu ilibe mwini. Uthenga ndi wa Mulungu, zoona, koma amene anakhala pansi kupeka nyimboyo ali ndi ana ofuna fizi. Kuimba m'mapemphero ndi nkhani ina, kuijambula n'kuigulitsa ngati yanu ndi kuba.

Komabe si zonse zili zotsekedwa. Ganizo lilibe mwini. Ngati mwayamba kugulitsa chiponde chothira uchi ndipo mnzanu wayambanso, palibe mlandu, ameneyo ndi mpikisano. Chimene sangatenge ndi dzina lanu, chithunzi chanu ndi mawu amene munalemba. Lamulo limalolanso kubwereza mawu ochepa a m'buku pophunzitsa, pounika kapena polemba nkhani, bola mutchule mwini wake.

Mayi aja asanatuluke anafunsa funso lina, poti ali ndi mchemwali wawo ku Johannesburg amene amafuna azimutumizira mabotolo okagulitsa. Copyright imawoloka malire yokha, chifukwa Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991. Trademark siwoloka. Yolembetsedwa kuno imathera pa Mchinji, Dedza ndi Mwanza. Kudzera ku bungwe la ARIPO la ku Harare mutha kupempha chitetezo m'mayiko ena monga Zimbabwe, Botswana ndi Mozambique ndi fomu imodzi, koma South Africa sili m'bungweli, ndiye kumeneko n'kolembetsa pakokha.

Inu amene muli ndi dzina limene layamba kudziwika m'dera lanu, kaya ndi la thobwa, la sopo, la saluni kapena la gulu loimba, musadikire kuona botolo lachiwiri. Musanasindikize malebulo ena, kafufuzitseni dzinalo ku ofesi yolembetsa ma trademark n'kulilembetsa. Ndipo ngati amene anakujambulirani chizindikiro akadali pafupi, mupezeni sabata ino mulemberane.