Matumba a ndalama obala kaŵiri: kodi aliyense aloledwe kugula?

Lero nkhani yathu tiyambira ku Edingeni, m'boma la Mzimba, kwao kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Monga mudziŵa, m'dera limeneli, mpaka ku Embangweni ndi ku Jenda, mabanja ambiri ali ndi ana ao ku Joni, ndipo ndalama zimene anaŵa amatumiza zagula malata, feteleza ndi ng'ombe kwa zaka zambiri. Tsono popeza foni za intaneti zafika m'manja mwa ambiri, mwana wanu angathe kuuzidwa kuti kunja kuli matumba a ndalama obala kaŵiri kapena katatu, ndi kuti kugula ng'ombe n'kutsalira. Kodi matumba ameneŵa n'chiyani, nanga maboma amawayang'anira bwanji?

Thumba la ndalama lamasiku onse ndi lotere: anthu ambiri amasonkha ndalama, kampani nigula nazo masheya a makampani osiyanasiyana. Mitengo ya masheya ikakwera ndi magawo 10 pa 100, ndalama zanunso zikwera chimodzimodzi. Koma m'chaka cha 2006 kampani ya ProShares ya ku America inayamba kugulitsa matumba amene m'Chingerezi amati leveraged, olonjeza kuchulukitsa kaŵiri kukwera kwa msika pa tsiku, ndi enanso otchedwa inverse, amene amapindula msika ukagwa. Mu 2008 kunadza ochulukitsa katatu.

Taganizirani munthu wogula chimanga pamsika wa ku Edingeni. Ali ndi K100,000 yakeyake, nakongolanso K100,000 ya katapila, nagula chimanga cha K200,000. Mtengo ukakwera ndi magawo 10 pa 100, wapeza K20,000, kuŵirikiza kaŵiri phindu limene akadapeza ndi ndalama zake zokha. Koma mtengo ukatsika ndi muyeso womwewo wataya K20,000, ndipo mwini katapila ali pakhomo kufuna zake zonse. Walira mvula walira matope. Matumba aja amagwira ntchito motero, kungoti m'malo mwa katapila amachita mapangano ndi mabanki akuluakulu.

Komatu pali msampha wina umene wogula chimanga uja saudziŵa, ndipo pano mvetserani bwino. Lonjezo la kuchulukitsa kaŵiri ndi la tsiku limodzi lokha. M'maŵa mwake kuŵerenga kumayambanso pa ndalama zimene zilipo. Tinene kuti Lolemba msika wakwera ndi magawo 10 pa 100, ndipo Lachiŵiri watsika ndi magawo 10 pa 100. Amene anaika K100,000 m'thumba wamba watsala ndi K99,000. Wa thumba lochulukitsa kaŵiri anafika pa K120,000 Lolemba, koma Lachiŵiri wataya magawo 20 pa 100 a ndalama zimenezo, watsala ndi K96,000. Nanga uja anabetcha kuti msika ugwa, nayenso kaŵiri? Lolemba anagwera pa K80,000, Lachiŵiri nakwera kufika pa K96,000. Onanitu: msika wagwadi monga iye ananenera, koma wataya K4,000. Msika ukamakwera ndi kutsika motere kwa miyezi, ndalama zimatha pang'onopang'ono ngati chimanga cha m'nkhokwe yoloŵa anankafumbwe.

N'chifukwa chake mu 2009 bungwe la FINRA, loyang'anira ogulitsa masheya ku America, linachenjeza kuti matumba otere kaŵirikaŵiri sayenera munthu wamba wofuna kuwasunga kupitirira tsiku limodzi. Pa 5 February 2018 chikalata china chotchedwa XIV, cha banki ya Credit Suisse, chimene chinkapindula msika ukakhala bata, chinataya magawo oposa 90 pa 100 a mtengo wake tsiku limodzi, ndipo banki ija inachitseka. Mu 2019 bungwe la boma la SEC linaganiza zolamula kuti wogulitsa aziyamba wafunsa kasitomala za chuma chake ndi zimene adziŵa asanamlole kugula. Ambiri anakana, namati munthu wamkulu sauzidwa chochita ndi ndalama zake. Mu October 2020 ganizolo linasiyidwa. M'malo mwake anangoletsa matumba atsopano kuchulukitsa koposa kaŵiri, akale ochulukitsa katatu nawasiya. Dziko la South Korea linatenga njira ina m'chaka chomwecho: wofuna kugula matumba ochulukitsa ayambe waphunzira phunziro lalifupi, naonetsanso kuti ali ndi ndalama zokwana 10 miliyoni za kumeneko. Ine ndiona kuti a ku Korea anaganiza bwino, pakuti ufulu wogula chinthu chimene sunachimvetse ndi ufulu wochepa ndithu.

Nanga kuno kwathu? Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre unayamba kugulitsa masheya mu 1996, kampani yoyamba inali NICO, ndipo matumba obala kaŵiriŵa sagulitsidwa pamenepo. Malamulo a Financial Services Act ndi Securities Act a 2010 amafuna kuti aliyense wosonkhetsa anthu ndalama zoti ziikidwe m'masheya akhale ndi chiphaso chochokera kwa woyang'anira mabungwe a zachuma, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Vuto lili pa foni. Makampani a kunja amene amaitana anthu kubetcha pa mitengo ya ndalama za maiko, ena amalola munthu kuchulukitsa kambirimbiri, osati kaŵiri kokha. Mu 2018 oyang'anira misika ya ku Ulaya anapeza kuti mwa anthu wamba 100 ochita malonda otere, pakati pa 74 ndi 89 amataya ndalama, motero anaika malire. Kampani yotere ikakhala yopanda chiphaso cha kuno, dzanja la Gavanala silifikako, ndipo ndalama za mwana wanu zikapita mulibe khomo loti mukagogode.

Choncho abambo ndi amayi a ku Edingeni, wina akadza ndi nkhani ya thumba lobala kaŵiri, mfunseni chiphaso chake, ndipo mum'patse pepala aŵerengere pamaso panu za Lolemba ndi Lachiŵiri lija. Ngati mukayikabe za chiphasocho, Reserve Bank ili ndi nthambi ku Mzuzu, kumene mungathe kukafunsa musanatulutse tambala.