Si a Patel onse amene ali pachibale

Mwezi wathawu kuntchito kwanga kunabwera mayi wina wachitsikana atanyamula chithunzi chakale cha agogo ake aamuna, Mmwenye amene anali ndi sitolo kumudzi kwina ku Mulanje. Dzina limene ankalidziwa linali limodzi lokha, Patel. Anali atalembera a Patel ambirimbiri pa Facebook, a ku Leicester, a ku Nairobi, mpaka a ku America, kuwauza kuti iye ndi mdzukulu wawo. Palibe amene anamuyankha, ndipo ankalira poganiza kuti akumukana chifukwa agogo ake aakazi anali Mlomwe. Tsankho lilipo, sindikukana. Koma anthu amene anawalemberawo sanali abale ake, ndipo chimene chinandiwawa n'chakuti anavutika mtima chifukwa cha bodza limene tonse timalinena.

Ntchito yanga ndi kufufuza mbiri ya mabanja, kulondola mzere wa makolo m'makaundula akale. Ndatopa kumva anthu, ophunzira omwe, akunena kuti a Patel onse ndi banja limodzi, n'chifukwa chake amagwirana manja pa malonda. Ndikudziwa kumene maganizowa amachokera. Ife tikamva dzina limodzi pa anthu ambiri timati ndi mfunda. Koma Patel si mfunda, unali udindo. M'midzi ya ku Gujarat, kumadzulo kwa India, patel anali munthu wosunga kaundula wa minda ndi kutolera msonkho wa mfumu. Zili ngati ana a nyakwawa zonse za m'Malawi muno atayamba kudzitchula kuti a Nyakwawa: wa ku Nsanje ndi wa ku Dedza angakhale bwanji magazi amodzi?

Ambiri mwa a Patel ndi a gulu lotchedwa Patidar, kutanthauza eni zigawo za minda ya m'mudzi. Poyamba anali alimi otchedwa Kanbi. Atalemera, makamaka m'dera lachonde la Charotar, anadzipatula, ndipo kalembera wa atsamunda wa mu 1931 anawalemba ngati gulu lapadera. Pamenepo alimi ena ambiri, ngakhale amene makolo awo sanatolereko msonkho, anatenga dzinali chifukwa linali laulemu. Ndiye muli a Patel a Leva ndi a Kadva, amene kale sankakwatirana. Muli a Patel Achisilamu ochokera ku Bharuch ndi Surat, muli Aparsi, muli Akoli. Ena amapita ku kachisi, ena ku mzikiti, ena sadya nyama, ena amadya. Kodi limeneli ndi banja?

Ngakhale pakati pa a Leva okhaokha, chimene chimawerengedwa ndi mudzi. Iwo ali ndi zimene amati gol, ndiye kuti kagulu ka midzi imene imapatsana akazi ndi amuna. Kotchuka kwambiri ndi ka midzi isanu ndi umodzi: Nadiad, Vaso, Sojitra, Dharmaj, Bhadran ndi Karamsad. Vallabhbhai Patel, wachiwiri kwa nduna yaikulu woyamba wa India, anabadwira ku Nadiad mu 1875 n'kukulira ku Karamsad. Fano lake, limene analitsegulira mu 2018, ndi lalitali mamita 182, ndipo kuyambira pamenepo anthu ofuna kuti ndiwalumikize ndi iyeyo achuluka. Ndimawayankha mosapsatira kuti dzina lokha silikwanira. A Patel awiri akakumana kuchilendo safunsana dzina, amafunsana kuti kwanu ndi mudzi uti.

Kubalalika kwa a Patel ndi nkhani yodziwika. Njala yaikulu ya mu 1899 ndi 1900 inakankha ambiri kuwoloka nyanja kubwera kum'mawa ndi pakati pa Africa. Mu 1972 Idi Amin anapatsa Amwenye masiku 90 kuti achoke mu Uganda, ndipo kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Banda linawachotsa kumidzi kuti azichita malonda m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Ambiri anapita ku Britain, ena kusiya ana amene anabereka ndi akazi akuno. Ana amenewa ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa anasiyidwa ndi dzina lopanda mudzi. Zoti ku America a Patel ali ndi mamotelo ambiri n'zoona, koma ngongole zoyambira bizinesi zinkayenda pakati pa anthu a mudzi umodzi kapena apachibale enieni, osati aliyense wa dzinali.

Ngati muli ndi gogo wotere, yambani ndi dzina lapakati. Agujarati amaika dzina la bambo pakati: Vallabhbhai Jhaverbhai Patel ndi Vallabhbhai mwana wa Jhaverbhai. Mukapeza zilembo ziwiri zoyambirira pa lisiti lakale, pa chikwangwani cha sitolo kapena kuseri kwa chithunzi, mwapeza mibadwo iwiri. Funsani nkhalamba za m'mudzi ngati ankasala pa Ramadan kapena ankayatsa nyali pa Diwali, chifukwa zimenezi zimakuuzani kolowera, ku mzikiti kapena ku kachisi. Ku National Archives ku Zomba mwina mungapeze mapepala a ziphaso za malonda, ngakhale sindingalonjeze. Ku Gujarat kuli anthu otchedwa Barot amene ntchito yawo kuyambira kale ndi kusunga mabuku a mibadwo ya mabanja, koma sangakuthandizeni musanadziwe mudzi. Kuyezetsa DNA kumatha kukupezerani msuweni ngati nayenso anayezetsa, koma ndi kodula, ndipo musanatumize malovu anu kunja ganizirani kuti banja limene mungalipeze mwina silikudziwa n'komwe kuti agogowo anasiya ana kuno ku Malawi.