Mpongozi Akabwerera ku Sukulu

Amayi anzanga, pa msonkhano wa gulu lathu sabata yatha mayi wina anaimirira nadandaula za mpongozi wake, amene ndi namwino. Anati Loweruka lililonse mtsikanayo amalawirira ndi chikwama cha mabuku, kusiya ana ndi zochapa. "Digiri anatenga kale, ntchito ali nayo. Kodi sukulu imeneyi siitha?" anafunsa motero. Funsoli landikhala mumtima, tsono ndati tikambirane pano.

Digiri yoyamba si mapeto a maphunziro. Pamwamba pake pali ina yotchedwa masitazi, imene kawirikawiri imatenga zaka ziwiri, ndipo maudindo ena aakulu safikirika popanda iyo. Kale ambiri oifuna ankapita kunja, monga ku Britain, nasiya banja. Mayi wa ana akanatha bwanji? Lero munthu angathe kuphunzira osasiya ntchito kapena nyumba yake.

Njira zake zilipo zitatu. Ena amalowa m'kalasi madzulo akaweruka, kapena Loweruka ndi Lamlungu. Ena amapempha tchuthi cha masabata ochepa, nakaphunzira motsatizana, kenaka n'kubwerera kuntchito. Enanso amaphunzirira kunyumba kudzera pa intaneti. Ku Blantyre, sukulu ya MUBAS, imene mpaka mu 2021 inkatchedwa Polytechnic, imaphunzitsa anthu apantchito za kayendetsedwe ka bizinesi. Ya KUHeS, imene inabadwa chaka chomwecho pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ili ndi masitazi a zaumoyo wa anthu. UNISA ya ku South Africa yakhala ikuphunzitsa anthu akutali kuyambira m'masiku a makalata a papositi.

Koma musanataye ndalama, mwana wanu ayambe wafunsa ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka ndi bungwe la NCHE, limene limayang'anira sukulu zaukachenjede m'dziko muno. Pepala la sukulu yosavomerezeka lingathe kukanidwa kuntchito, thukuta lonse n'kupita pachabe. Akambiranenso ndi akuluakulu a kuntchito kwake. Za fizi zikonzedwe msanga, mwamuna ndi mkazi atakhala pansi. Chipereganyu ndi banki m'khonde zingathandizeko, koma katapila ayi.

Povuta penipeni ndi kumapeto, pamene wophunzira achita kafukufuku ndi kulemba buku lake. Apa palibe belu lomuitana m'kalasi, ndipo amene alibe womuthandiza pakhomo amagwa mphwayi. Mwamuna akamaphunzira timamuikira chakudya patebulo, ana n'kuwatontholetsa. Mkazi akamaphunzira amayamba waphika, wasambitsa ana, ndipo buku amalitsegula anthu onse atagona. Apa ndi pamene ife apongozi ndi anakubala tifunika. Kutenga adzukulu Loweruka limodzi, kumupepesera kwa anansi akalephera kufika pa chinkhoswe, kulangiza mwana wathu wamwamuna kuti asachite nsanje mkazi wake akamupitirira: imeneyi ndiyo fizi yathu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ine ndinalekeza Sitandade 8, ndipo masitazi sindidzawalawa. Koma mayi uja ndinamuuza kuti Loweruka likudzali alawire ndiye, akatenge adzukulu ake. Tsiku lovala mkanjo adzalulutira ndi mtima woyera, podziwa kuti pa pepalalo pali dzanja lake.