MIT OpenCourseWare

MIT OpenCourseWare, yomwe ambiri amangoti OCW, ndi tsamba la pa intaneti la yunivesite ya Massachusetts Institute of Technology, yomwe ili mumzinda wa Cambridge ku United States. Patsambali yunivesiteyi imaikapo zimene aphunzitsi ake amagwiritsa ntchito m'kalasi: manotsi, mafunso oyeserera, mayeso akale komanso mavidiyo a maphunziro ena. Wowerenga salipira kalikonse ndipo safunika kulembetsa dzina.

Mbiri

MIT inalengeza za ntchitoyi mu Epulo 2001 ndipo tsambalo linatsegulidwa mu 2002, mothandizidwa ndi ndalama za mabungwe a Hewlett Foundation ndi Mellon Foundation. Zambiri zimene zili pamenepo zili ndi chilolezo cha Creative Commons, choncho munthu atha kuzikopera, kugawira anzake kapena kuzimasulira, bola atchule mwini wake, asazigulitse, ndipo zimene wasintha azigawenso mwa chilolezo chomwecho.

Masamu ndi fizikisi

Ku MIT phunziro lililonse lili ndi nambala, ndipo nambala yoyambirira imasonyeza dipatimenti: 18 ndi masamu, 8 ndi fizikisi. Wodziwa zimenezi savutika kusaka, amangolemba nambalayo patsambali kapena pa YouTube.

Manambalawa amasonyezanso poyambira. Phunziro la 18.01 ndi calculus yoyamba, 18.02 ndi yotsatira yake, ndipo 18.03 ndi differential equations, yomwe m'mavidiyo otchuka amaphunzitsa ndi Arthur Mattuck. Lodziwika kuposa onse ndi 18.06, linear algebra ya Gilbert Strang. Mavidiyo ake anajambulidwa mu 1999 ndipo alibe zokometsera, ndi mphunzitsi, choko ndi bolodi basi, koma anthu akuwaonerabe. Strang anaphunzitsa kalasi yake yomaliza mu 2023 ali ndi zaka 88.

Kumbali ya fizikisi, ambiri amathamangira 8.04, phunziro la quantum physics, lomwe lili ndi mavidiyo a Allan Adams komanso a Barton Zwiebach. Ku MIT komweko wophunzira amayenera kuyamba wamaliza 8.03, ya mafunde ndi kunjenjemera kwa zinthu, pamodzi ndi 18.03. Wolumpha ziwirizi amatha kutsata mawu a mphunzitsi koma mafunso ake osawakwanitsa.

Zoyenera kudziwa

OCW sipereka digiri kapena satifiketi, ndipo palibe mphunzitsi wochonga ntchito kapena woyankha mafunso. Si maphunziro onse ali ndi mavidiyo. Ambiri apamwamba ali ndi manotsi okha. Vidiyo payokha imanyenga, chifukwa masamu amaoneka osavuta wina akamawasova pabolodi. Phindu lenileni lili m'mafunso oyeserera, ndipo ena mwa iwo ali ndi mayankho oti munthu adzichonge yekha.

Mavidiyowa ali m'Chingerezi ndipo ambiri amatenga mphindi 50 kapena kuposerapo, choncho amadya intaneti yambiri. Ubwino wake atha kukoperedwa n'kumaonedwa popanda netiweki. MIT imaperekanso kope la tsamba lonse pa hard drive kwa sukulu za m'madera amene intaneti ndi yovuta, kuphatikizapo za mu Africa.

Malo ena

Maphunziro a Leonard Susskind wa ku Stanford, otchedwa The Theoretical Minimum, ali pa YouTube. Ku India kuli NPTEL, yomwe inayamba mu 2003 ndipo ili ndi mavidiyo ochuluka a masamu, fizikisi ndi uinjiniya.